Nthaka Yopyapyala ya pa Khwekhwerere

Munthu amene atsika ndi msewu wa Khwekhwerere, kuchokera kumtunda kwa Dedza kulinga ku Golomoti, akaleka pang'ono kupenya chigwa chimene chayalidwa kunsiko ngati mphasa, nayang'ana m'mbali mwa msewu momwe omanga anadula phiri, adzaona chinthu chimene ambiri a ife timachipitirira osachilonjera: kachikopa ka dothi loderako, kosaposa chikhatho cha munthu wamkulu kuchindikala kwake, timiyala toyera ta nsangalabwi tili mbwee m'kati mwake, ndipo pansi pake thanthwe lagona chigonere kuyambira masiku amakedzana. Pa kachikopa kameneka ndi pamene pamera msipu umene mbuzi ndi ng'ombe za anthu a m'mapiriwo zimadya, ndiponso misuku imene ana amatolamo zipatso mvula ikayamba. Tero n'koyenera kuti tikapenyetsetse, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Makolo athu sanayembekeze mlendo kuti awatchulire nthaka yawo. Dothi lofiira lomata, loumbira njerwa ndi kubala chimanga, analitcha katondo. Lakuda la m'zigwa monga Bwanje ndi Shire, limene limang'aluka m'chilimwe n'kusanduka ulimbo m'dzinja, analitcha makande. Lotayirira losasunga madzi anati mchenga. Ndipo malo a timiyala, pomwe khasu limalira ndi kuthetheka moto, anati palubwe kapena pansangalabwi. Maina amenewa anawapeza ali ndi mpini m'manja, ndipo lililonse limauza mlimi katundu amene malowo angasenze ndi amene angakane.

Nanga n'chifukwa ninji nthaka ya pamtsetse siikula? Dothi lililonse ndi mwana wa thanthwe. Dzuwa limatentha mwala usana, kuzizira kwa usiku kumaung'amba, madzi amalowa m'ming'alu nauwoletsa pang'onopang'ono, mizu nayo imakanula, kufikira mwala uja unyenyeka nusakanikirana ndi masamba owola. Ndipo ntchitoyi ndi yochedwa kotero kuti sentimita imodzi yokha ya dothi imatha kudya zaka mazana angapo. Pachidikha dothi lotere limakhala pomwe labadwira, likuunjikana mibadwo ndi mibadwo mpaka munthu wokumba chitsime amamira osagunda mwala. Koma pamtsetse mvula ya chaka ndi chaka imatenga chimene thanthwe labala, nipita nacho kunsi, nisiya zokhazo zimene yalephera kunyamula. Nsangalabwi ndiyo yotsala, chifukwa mwala umenewu, umene akatswiri amautcha quartz, sumva kuwola ngakhale inzake yonse itasungunuka. Choncho dothi la pamtsetse limakhalabe khanda, ngakhale phiri lolibala lili lokalamba.

Mu 1935 katswiri wina wa zanthaka, Geoffrey Milne, amene ankagwira ntchito ku Amani m'dziko la Tanganyika, anaona kuti nthaka za paphiri limodzi zimatsatana mwa dongosolo kuyambira pamwamba kufikira kudambo, nazitcha catena, mawu a Chilatini otanthauza unyolo. Ine ndiyesa kuti palibe dzina lina m'maphunziro onse a zanthaka lopambana limeneli kukoma kwake. Pamwamba ndi pamtsetse pali miyala, m'munsi mwa phiri muli katondo, kuchigwa kuli makande, ndipo zonsezi zalumikizana, kotero kuti mbusa wa pa Khwekhwerere ndi mlimi wa mpunga wa ku Bwanje agwira unyolo umodzi, ngakhale sadziwana nkhope.

Tsono akatswiri a m'masukulu nawo ali ndi maina awo, ndipo amawapereka atayesa ndi muyeso. Anthony Young ndi P. Brown, amene anayendera dziko lathu nalemba za nthaka ya chigawo chakumpoto mu 1962 ndi ya chigawo chapakati mu 1965, anatcha dothi la m'mitsetse yoyang'ana kunyanja lithosols, kuchokera ku mawu a Chigiriki akuti lithos, ndiye kuti mwala. Pa mapu a nthaka ya dziko lonse lapansi amene mabungwe a FAO ndi UNESCO anafotokoza dongosolo lake mu 1974, dzina limeneli linali la dothi lokhalo limene thanthwe lake lili pa masentimita 10 kapena kucheperapo. Pambuyo pake anaona kuti mpanda umenewo unali wothina, ndipo mu 1988 anabweretsa dzina la Leptosols, kuchokera ku leptos, kutanthauza chopyapyala. Lero dothi limalowa m'banja limeneli ngati wokumba agunda thanthwe asanapyole masentimita 25, kapena ngati miyala yachuluka kotero kuti dothi lenileni silifika magawo 20 pa 100 alionse mpaka kuya kwa masentimita 75. Chodabwitsa n'chakuti banja lonyozekali ndilo lalikulu koposa onse pa dziko lapansi, pakuti lakuta mahekitala oposa 1.6 biliyoni, makamaka m'mapiri ndi m'zipululu.

Anthu a ku America ali ndi kaundula wawowawo wotchedwa Soil Taxonomy, amene anatuluka mu 1975. Iwo amasefa dothi ndi sefa wa timabowo ta mamilimita 2. Chodutsa amachiyesa dothi, chotsala pamwamba amachiyesa mwala, ndipo miyala ikafika magawo 35 pa 100 alionse amati dothilo ndi skeletal, ndiko kunena kuti latsala mafupa. Mayi aliyense amene anasefapo ufa amvetsa nzeru imeneyi popanda mphunzitsi.

Miyeso yonseyi ikulozera ku chinthu chimodzi, ndicho madzi. Mwala sumwa madzi, ndipo ngati theka la dengu la dothi lili timiyala, ndiye kuti mbewu yapamenepo ili ndi theka lokha la mtsuko umene inzake ya pakatondo imamwera. Tsono mtsukowo ukakhalanso wosaya chifukwa cha thanthwe, ng'amba ya masabata awiri mu Januwale imafotetsa chimanga chimene chinamera mokondweretsa maso. Ambuye Yesu, pokamba fanizo la wofesa mbewu, anatchula nthaka yomweyi, ndipo amene anamumvera anali anthu odziwa mmene mmera wa pathanthwe umafulumirira kutuluka ndi kufa. Zakudya za mbewu nazonso zili m'kachikuto kapamwamba kokha, momwe masamba ndi mizu ya udzu zawolera. Kachikutoko kakachoka, palibe nkhokwe ina pansi.

Komatu mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Timiyala timene mlimi amatida ndi timene timatchinjiriza dothi ku madontho a mvula yamkuntho, timachedwetsa madzi othamanga kuti ena alowe pansi, ndipo masana timaphimba chinyezi kuti chisauluke ndi dzuwa. Mitengo ya m'nkhalango zathu, mombo, tsamba ndi msuku, imadziwa kulondola ming'alu ya thanthwe ndi mizu yake, nipeza madzi kumene chimanga sichingafike. Udzu wosatha, monga tsekera, umaluka mizu yake ngati ukonde nugwira dothi lonse pamodzi, ndipo madzi amene atsikira m'ming'alu ija ndiwo amatumphuka kunsi ngati akasupe mu Okutobala. Malo otere anaikidwa kukhala busa ndi nkhalango, ndipo pa ntchito imeneyo ndi antchito okhulupirika.

Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti tawasenzetsa katundu wosayenera msana wawo. Ziweto zikachuluka pabusa limodzi, zimadya udzu usanabale njere, ziboda zimapondereza dothi n'kutsegula tinjira timene mawa lake timasanduka zigwembe. Moto wa osaka mbewa umasiya lupsa pa nthawi imene mvula yoyamba ikudza ndi ukali wake wonse. Wootcha makala amadula mombo, ndipo khasu, posowa malo kuchidikha, lakwera mpaka pamene kale ankafika anyani okha. Sindiweruza mlimi wochita izi, pakuti njala ilibe manyazi, ndipo ambiri akukumbukirabe mmene malamulo a malimidwe a m'zaka za m'ma 1950, okakamiza anthu kuunda milambala ndi chiopsezo cha ndende, anadetsera nkhani yosamala nthaka m'mitima ya anthu. Koma kafukufuku amene bungwe la FAO linachita pamodzi ndi boma anapeza kuti mu 2014 hekitala iliyonse ya m'Malawi inkataya pafupifupi matani 29 a dothi pa chaka, ndipo m'mitsetse ndimo mmene chiwerengerochi chimakwera. Pamene dothi ndi lakuya, kutayika kotere kumabisika zaka zambiri. Pamene lili masentimita 20 okha, mwana amene akubusa mbuzi lero akhoza kudzaona thanthwe loyera m'moyo wake. Ndipo m'mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anakhutitsa madzi dothi la paphiri la Soche kufikira linatereka pamwamba pa thanthwe lake, matope ndi miyala zinatsikira pa nyumba za ku Chilobwe, anthu ali m'kati.