AKAZI NDI NCHITO YOFUFUZA NSOMBA ZA M'NYANJA YATHU

Tamverani inu a ku Yofu pa cilumba ca Likoma. Lero tikambe za nchito ya sayansi, ndiyo nchito yofufuza zinthu mosamala ndi kulemba zimene munthu wapeza.

Pa doko lanu nchito zinagawika kale. Amuna amapita pa nyanja ndi cilimira, akazi natsala kumtunda kuyanika usipa ndi kugulitsa. Cifukwa ca ici ambiri amayesa kuti nzeru za nsomba nza amuna okha. Koma tamverani izi.

M'caka ca 1935 mai wina wa ku England, Ethelwynn Trewavas, wogwira nchito ku British Museum mu London, anasindikiza mndandanda wa nsomba za m'nyanja yathu za pfuko la cambo, utaka ndi mbuna. Mu 1939 anadza kuno iye mwini, pamodzi ndi mai mnzace Kate Ricardo ndi bambo John Borley, kudzafufuza za usodzi. Mbuna ina, mwa nsomba zija zokhala m'miyala, inapatsidwa dzina lace.

Kuyambira 1945 kufikira 1947 msungwana wina, Rosemary Lowe, anayenda pa nyanja yomweyi kuyesa utali wa cambo ndi kuona nyengo imene cimaswana. Zimene anapeza zinathandiza Boma kudziwa kasungidwe ka nsombayi. Tsono mu 1953 anakwatiwa. Masiku amenewo lamulo la Boma la Angerezi linali lakuti mkazi akakwatiwa asiye nchito, ndipo iye anasiyadi malo ace ku Jinja m'dziko la Uganda. Mwamuna wace, amenenso anali wa sayansi, sanasiye yace. Taonani, maiyu sanasowe nzeru ai. Cinamtsekera njira ndi lamulo. Koma sanafooke: anafufuzabe nsomba ku South America, nalemba mabuku.

Lero kwathu kuno lamulo lotere kulibe. Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inabvomereza lamulo lakuti polemba anthu nchito za Boma, ndi polowa m'sukulu za ukacenjede, akazi kapena amuna asacepere 40 pa 100 ali onse. Mu 2016 mai Profesa Address Malata anakhala mkuru wa sukulu yaikuru ya sayansi ya MUST ku Thyolo. Komabe a UNESCO awerenga kuti pa dziko lonse, mwa ofufuza atatu, mkazi ndi mmodzi yekha, ndipo pa mipando yaikuru akazi acepa koposa.

Nanga amatayika pati? Poyamba ndi pakhomo. Mnyamata akaweruka ku sukulu amatenga buku, pamene mlongo wace alikutunga madzi ndi kutembenuza usipa. Msungwanayo akatsalira pa masamu, anthu amati, "Masamu ngobvuta kwa akazi," namlozera ku maphunziro ena. Ndipo amene wapyola zonsezi nalowa nchito, akabala mwana amatsala pakhomo zaka zimene anzace aamuna alikupita kunja kukaonjezera maphunziro ndi kulemba zofufuza zao. Pokweza anthu pa nchito, akuru amawerenga zolembazo.

Musayese kuti wotaya ndi msungwana yekha. Inu amai mudziwa usipa umene umaonongeka pa thandala mvula ikagwa masiku awiri osaleka. Bvuto limeneli lifuna wofufuza, ndipo ndani angalidziwe bwino koposa mwana amene anakulira pa thandala pomwepo?

Sukulu zinayamba pa Likoma m'zaka za m'ma 1880, amishoni atangofika, ndipo cilumba canu catulutsa anthu ophunzira ambiri. Tsono inu makolo, gawani nchito za pakhomo molingana, kuti nyali ikayaka madzulo onse awiri akhale pa buku. Inu aphunzitsi, funsani asungwana mafunso a masamu monga mufunsira anyamata. Paja akuru anati m'mera mpoyamba.