Dokotala Pakati pa Kabotolo ndi Abwana

Mnyamata wa ku Lundazi akaitanidwa ku ntchito yoyendetsa lole kapena ya ku migodi ya ku Kitwe ndi Solwezi, amayamba wapimidwa m'thupi. Mabwana ena amafunanso mkodzo. Amamupatsa kabotolo, amaviikamo kachipangizo, ndipo pakangopita mphindi zochepa mizere imaoneka. Poyeza malungo tinazolowera kuti mizere iwiri ndi matenda, koma apa n'zosiyana: iwiri ndi nkhani yabwino, umodzi ndiye mlandu wa chamba kapena mankhwala ena ozunguza bongo.

Apa m'pamene ntchito ya dokotala imayambira. Kachipangizo sikafunsa, dokotala ndiye amafunsa: "Achimwene, mukumwa mankhwala anji masiku ano?" Funsoli lingapulumutse banja lonse. Efavirenz, mmodzi mwa ma ARV, amatha kuoneka ngati chamba pa zipangizo zina. Rifampicin, wochiza TB, amatha kuoneka ngati mankhwala a gulu la heroin. Codeine wa m'mankhwala ena a chifuwa amaonekanso, ngakhale munthu anachita kulemberedwa kuchipatala. Choncho dokotala amaona kadi la kuchipatala, ndipo akakayikira amatumiza mkodzowo ku labotale yaikulu kuti akatsimikize.

Ku America ntchitoyi ili ndi mwini wake, dokotala wotchedwa Medical Review Officer, amene amayamba walankhula ndi wantchito zotsatira zisanafike kwa abwana. Kuno ku Zambia tili ndi Occupational Health and Safety Institute ku Kitwe, yomwe imapima ogwira ntchito m'migodi, komanso lamulo loteteza thanzi la anthu pantchito. Koma kuchokera ku Lundazi, ngakhale Chipata ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 180, ndipo dokotala kapena clinical officer wa kuno amakhala ndi mzere wa odwala pakhomo kuyambira m'mawa.

Ntchitoyi imafuna mtima wolimba. Dalaivala wosuta chamba sayenera kupatsidwa chiwongolero cha basi yodzaza amayi ndi ana, ngakhale akhale mwana wa mnansi. Imafunanso pakamwa posunga chinsinsi: abwana angouzidwa ngati munthuyo ali woyenera ntchito, osati matenda ake. M'tauni yaing'ono ngati Lundazi, nkhani ya ma ARV ikatuluka m'chipinda chopimira, madzulo imakhala ili pamsika.

Ndiye ndikupempha olemba ntchito kuti asachotse munthu chifukwa cha mzere umodzi dokotala asanamumve.