NKHUPAKUPA ZA GALU ZINGAKUDWALITSENI

Nyengo ya mvula ikafika, agalu ambiri m'midzi ndi m'makomboni muno amadzala nkhupakupa m'makutu ndi pakati pa zala. Ambiri timaziona ngati vuto la galu yekha. Koma ife a cipatala timalandira anthu otentha thupi ndi kupweteka mutu, powapima maleriya osapezeka, ena atamwa kale Coartem popanda kusintha. Tikawavula timapeza kacironda ka nkhanambo yakuda pa mwendo kapena m'khwapa, mwanabere atatupa pafupi. Pamenepo ndi pamene panaluma nkhupakupa.

Nkhupakupa yofiirira ya pa galu siinyamula kacirombo ka mtundu umodzi ai. Pali Ehrlichia canis, kamene kamalowa m'maselo oyera a magazi a galu. Kanapezeka koyamba ku Algeria mu 1935, ndipo kanapha agalu ambiri a asilikari a America pa nkhondo ya ku Vietnam. Galu wodwala amafooka, amakana nsima, amaonda, nkhama zimayera, ndipo nthawi zina amatuluka magazi m'mphuno. Palinso Anaplasma platys, kamene kamaononga tizigawo tothandiza magazi kugwirana pa bala. Tonse tiwiri tinapezeka kale mwa agalu a m'Zambia muno. Kacitatu ndi Rickettsia conorii, ndipo aka ndi kamene kamatidetsa nkhawa, cifukwa kamadwalitsa munthu. Mbale wake, Rickettsia africae, amene anapatsidwa dzina mu 1996 pambuyo pa kafukufuku wa ku Zimbabwe, amabwera ndi nkhupakupa za mawanga za pa ng'ombe.

Ngakhale kacirombo ka dzina limodzi kali ndi mabanja ake. Akatswiri popima cibadwa ca Ehrlichia canis anapeza magulu osiyana, ndipo anawacha maina a maiko monga America, Brazil, Costa Rica ndi Taiwan. Zili monga a Phiri: a ku Katete ndi a ku Lundazi mfunda ndi umodzi, koma si a nyumba imodzi. Kusiyanaku kumavutitsa opanga zopimira magazi, pakuti copimira cozindikira banja limodzi cingaphonye lina. Galu mmodzi angakhalenso ndi tizirombo tiwiri kapena titatu nthawi imodzi.

Mwai wake ndi wakuti mabakiteriya onsewa amamva mankhwala amodzi, doxycycline. Munthu akayamba kumwa msanga, thupi limazizira m'masiku awiri kapena atatu. Galu wa Ehrlichia amafunika kumwa masiku 28, ndipo owerengera mlingo wake ndi a ofesi ya zaziweto. Musagule makapisozi pa kantemba ndi kugawana ndi galu wanu. Dziwaninso kuti pali Babesia, kacirombo kofanana ndi ka maleriya, kamene kamacititsa galu kukodza mkodzo wofiira. Aka si bakiteriya, kamafuna nyeleti yakeyake.

Galu sakupatsirani matendawa pokunyambitani kapena pokulumani. Wopatsira ndi nkhupakupa. Cimene cimandidandaulitsa ndi kuona ana atakhala pakhonde akuthothola nkhupakupa za galu ndi kuziphwanya ndi zikhadabo, kenaka ndi kutikita m'maso. Makolo, letsani zimenezi. Gwirani nkhupakupa ndi kopanira pafupi ndi khungu, kokani pang'onopang'ono osapotokola, iponyeni pa moto, ndipo sambani m'manja ndi sopo.

Kusambitsa galu kokha sikukwanira. Nkhupakupa yaikazi ikakhuta imagwa pansi ndi kukaikira mazira zikwi zingapo m'ming'alu ya cipupa ndi pogona galu. Matani ming'aluyo, sesani, ndipo tenthani masaka akale amene galu amagonapo. Za dipi funsani a zaziweto, cifukwa mlingo wa ng'ombe ungaphe kamwana ka galu. Dipiyo musaisunge m'botolo la zakumwa kumene ana angafikire.

Ngati mwatentha thupi patapita sabata limodzi cikulumireni nkhupakupa, bwerani ku cipatala. Musadikire kuti tikufunseni. Nenani nokha kuti kunyumba kuli agalu kapena ng'ombe, ndipo tionetseni pamene munalumidwa, ngakhale pakhale pamalo obisika.