MFUTI YA AGOGO YAPEZEKA KUDENGA: TICHITE NAYO CHIYANI?

Banja lina la kufupi ndi Matope linali kusasula denga la nyumba ya malemu agogo awo kuti lifolere udzu watsopano mvula isanagwe. Pakati pa phaso anapezapo kanthu katali kokulungidwa m'chiguduli chodyeka ndi chiswe. Atamasula anaona kuti inali mfuti, yofiira ndi dzimbiri, mtengo wake utauma ndi kuchita ming'alu.

Pomwepo mawu anagawikana patatu. Mdzukulu wamwamuna anati, "Malume, tiyeni tikaiyese kudambo, tione ngati ikulirabe." Amayi ake anati chinthucho chikaponyedwe mu Shire usiku anthu asanamve. Koma amalume, amene ndiwo mwini mbumba, anati, "Ichi nchokhacho chimene bambo atisiyira. Tiyeni tichitsuke, ana adzachione."

Owerenga okondedwa, mfuti zotere zilipo m'midzi mwathu, zobisika kudenga, kunkhokwe kapena pansi pa bedi. Nanga mwa atatuwa analasa ndani? Amalume ndiwo anayandikira choonadi, koma ngakhale iwo anadumpha chinthu choyamba.

Zinafika bwanji kuno?

Matope ndi malo a mbiri. Pakuti mathithi a Shire salola chombo kudutsa, kale katundu yense wopita kunyanja ankasenzedwa pamutu kufikira kumtunda kwa mathithiwo, ndipo Matope ndipo panali doko. M'chaka cha 1875 anthu mazanamazana anasenza zidutswa za sitima ya Ilala, imene inanyamula Dr Robert Laws ndi anzake. Kampani ya African Lakes, imene timaidziwa ndi dzina loti Mandala, itayamba mu 1878, inagwiritsa ntchito njira yomweyi. Njira imene inadzera Uthenga Wabwino inadzeranso mfuti ndi onga, makamaka pa nkhondo ya ku Karonga yolimbana ndi Mlozi, amene anagonja mu 1895.

Mfuti zakale kwambiri ndi zija timati gogodera, zothira onga ndi chipolopolo chakukamwa. Zina mwa izo zinali za asilikali a ku Ulaya, ndipo zitatha ntchito zinagulitsidwa kwa amalonda a minyanga ndi akapolo. Zina zinapangidwa ku Birmingham ndi ku Liège kuti zidzagulitsidwe mu Africa. Pambuyo pake panadza za mtundu wa Snider ndi Martini-Henry, zolowetsa chipolopolo chimodzi chakumbuyo.

Koma imene makolo athu anaidziwa bwino ndi Lee-Enfield, imene ambiri amangoti 303. Imatenga zipolopolo 10 ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 4. Iyi ndiyo inali paphewa la asilikali a King's African Rifles, gulu lokhazikitsidwa mu 1902, limene kwathu kuno tinkalitcha Keyala. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene akuluakulu ankati ya Chiwaya, anthu a dziko lino pafupifupi 200,000 anatengedwa kukasenza katundu wa nkhondo ngati amtengatenga, ndipo ambiri sanabwerere. Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 ana a dziko lino anafika ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Mfuti inali ya boma, ndipo msilikali pobwerera kumudzi ankaisiya. Koma maboma atasintha zida, mfuti zakalezi zinagulitsidwa zambirimbiri, nkufika m'manja mwa alenje, eni minda ndi alonda. Motero si mfuti iliyonse yopezeka kudenga imene agogo anamenyera nkhondo.

Choyamba: moyo ndi lamulo

Mdzukulu uja anafuna chinthu choopsa kwambiri. Mfuti iliyonse muiyese yodzaza kufikira munthu wodziwa atatsimikiza kuti mulibe kanthu. Gogodera imatha kusunga onga m'mimba mwake zaka makumi ambiri, ndipo onga wouma sukalamba. Musailozetse kwa munthu, musasuzumire kukamwa kwake, musaiike pamoto kuti dzimbiri lithothoke, ndiponso musaimenye ndi nyundo. Ana achoke pomwepo. Zipolopolo zakale mukazipeza musazikhokhoze kapena kuzitaya padzala pamene pamatenthedwa zinyalala.

Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mfuti ikhoza kuoneka yolimba kunja pamene dzimbiri ladya mpope wake m'kati, kapena mavu amangamo dothi. Mfuti yotere ikawombedwa imaphulikira mwini wake kumaso ndi m'manja.

Amayi aja nawonso anaphonya. Chinthu chotayidwa mumtsinje chimavuuka m'khoka la msodzi, kapena ana osambira amachitola madzi akaphwa. Lamulo la mfuti la dziko lino, la m'chaka cha 1967, silola munthu kusunga mfuti popanda chiphaso. Chiphasocho chimakhala m'dzina la munthu, choncho cha agogo sichigawidwa pamodzi ndi mbuzi ndi njinga monga chuma chamasiye. Njira yowongoka ndi iyi: uzani amfumu, pitani nawo kupolisi mukanene, ndipo mfuti muisiye pamalo okhoma kufikira apolisi atakuuzani chochita. Iwo ndiwo anganene ngati banja lingaloledwe kuisunga kapena ayi. Mkhristu sayenera kusunga m'nyumba mwake chinthu chimene amachita nacho mantha galimoto ya boma ikaima pamsewu.

Chachiwiri: werengani zolembedwa

Tsono tinene kuti lamulo lakwaniritsidwa ndipo mfuti yatsimikizidwa kuti ilibe kanthu. Musanayambe kutsuka, iwerengeni, pakuti mfuti ya asilikali imanena yokha mbiri yake. Pa 303 yambiri, pachitsulo cholumikiza mtengo wotsamiritsa paphewa, pamakhala chithunzi cha chisoti chaufumu, zilembo za dzina la mfumu, chaka chimene inapangidwa ndi dzina la fakitale, monga Enfield kapena BSA ku England, Lithgow ku Australia, kapena Ishapore ku India. Kachizindikiro konga mutu wa muvi kamasonyeza kuti inali katundu wa boma la Britain. Pa gogodera zina pamalembedwa mawu oti Tower. Lembani zonsezi, pamodzi ndi nambala yake, m'kabuku ka banja.

Zolembazi ndizo zimafufutika munthu akatenga sandipepa kapena waya wotsukira mapoto kuti mfuti iwale ngati supuni. Amene watero wachotsa dzimbiri pamodzi ndi mbiri.

Chachitatu: chitsulo

Kuona maso a nkhono nkudekha. Ntchitoyi si ya tsiku limodzi. Pakani palafini kapena mafuta opepuka, onga a makina osokera, ponse pali dzimbiri, ndipo musiye masiku awiri kapena atatu. Kenaka palani pang'onopang'ono ndi kachidutswa ka mkuwa, pakuti mkuwa ndi wofewa koposa chitsulo ndipo suchikanda. Pukutani ndi nsanza, pakaninso mafuta, bwerezani. Dzimbiri lofiira ndilo mdani, chifukwa likudyabe. Mtundu wakuda kapena wodera umene watsala pansi pake ndi chikopa cha chitsulocho, usiyeni. Asidi wa batire, mchenga ndi phulusa zisayandikire. Sikuluwu ikakana musaikakamize. Ithireni mafuta muyesenso mawa.

M'kati mwa mpope tiphunzire kwa asilikali a Keyala eni ake. Zipolopolo za masiku amenewo zinkasiya mchere mumpope zikawombedwa, ndipo mcherewo unkakoka chinyontho. Mafuta sasungunula mchere. Madzi ndiwo amatero. Chifukwa chake msilikali akawombera ankathira madzi owira mumpope, chitsulo nkutentha ndi kudziumitsa chokha. Kenaka ankakokamo kansalu ka mainchesi 4 m'litali ndi 2 m'lifupi komangirira kuchingwe, nkumalizira ndi kansalu kamafuta. Chingwecho ndi kabotolo ka mafuta zinkakhala m'kabowo kotsekera kumapeto kwa mtengo wa mfuti. Tsegulani kachitseko kameneko. Mwina mudzapezamo kabotolo kamkuwa kamene dzanja lina linasiyamo inu musanabadwe. Pokoka chingwe muchiwongole kuti chisakhule kukamwa kwa mpope, ndipo mubwereze kufikira kansalu katatuluka koyera.

Chachinayi: mtengo

Mtengo wa mfuti musauviike m'madzi, ndipo musaupake penti kapena vanishi. Upukuteni ndi nsalu yonyowa pang'ono ndi sopo wochepa, nuume pamthunzi, osati padzuwa loswa mtengo la kuchigwa kuno. Ukauma pakani mafuta a linseed, amene amapezeka m'masitolo a zipangizo zomangira, madontho ochepa okha, nkuwafikisa ndi chikhatho. Pukutani otsala, dikirani tsiku lathunthu, bwerezani kangapo. Mafuta ophikira ayi, pakuti amavunda ndi kumata. Chenjezo: nsanza za mafuta a linseed zikaunjikidwa pamodzi zimatha kuyaka zokha, ziyanikeni chotambasula kapena ziviikeni m'madzi. Zipsera za pamtengo musazisalaze. Ndiwo makwinya a nkhalamba.

Posunga, musaikulungenso m'chiguduli kapena m'chikopa, chifukwa zimenezi zimagwira chinyontho, makamaka kufupi ndi mtsinje. Ikhale pouma, pokhoma, kutali ndi ana ndi munthu woledzera. Ndipo kumbukirani kuti mfuti yoyera si mfuti yolimba. Kutsuka kumaletsa dzimbiri, koma sikubweza chitsulo chimene chinadyeka. Taitsuka kuti isungike, osati kuti ilirenso.

Mfuti zosayenera kutsukidwa

Boma la Neno likudziwa mtundu wina wa mfuti. Pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, abale athu oposa miliyoni imodzi anathawira m'Malawi, ena nkukhala pamsasa wa Luwani. M'zaka zimenezo mfuti za AK-47 zinadutsa malire, ndipo zina zinathera m'manja mwa achifwamba. Mfuti yotere ilibe malo m'nyumba ya banja. Yake ndi njira imodzi, ya kupolisi.

Akhristu a ku Mozambique anationetsa chitsanzo. Kuyambira mu 1995 bungwe la mipingo ya m'dzikomo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linkalandira mfuti kwa anthu nkuwapatsa makasu, njinga ndi makina osokera. Mfutizo zinkadulidwa, ndipo amisiri anapanga nazo zosema. Mpando wina wopangidwa ndi zidutswa za mfuti uli ku British Museum ku London. Maganizo amenewa anawatenga pa Yesaya 2:4. Muwerenge ndimeyi pa mapemphero a banja madzulo ano.

Nanga banja lija?

Mmawa mwake amalume anapita kwa amfumu, ndipo onse awiri anapita kupolisi. Madzulo, mfuti itachoka pakhomo, agogo aakazi, amene dzana anali chete, anayamba kusimba: mmene amuna awo ankalindirira nguluwe kumunda, chaka cha njala chimene nyama ya mfutiyo inapulumutsa mudzi, ndi tsiku limene anaikweza kudenga mwana wa mnansi atatsala pang'ono kudziwombera poiseweretsa. Mdzukulu uja anatenga kope nayamba kulemba.

Kaya mfuti ibwerere m'banja ndi chiphaso, kaya itsale m'manja mwa boma, kaya ikasungidwe ku nyumba ya mbiri yakale ku Chichiri, banjali silinataye kanthu. Inunso, ngati kwanu kuli mfuti yotere, kaneneni sabata lomwe lino. Ndipo ngati kuli nkhalamba yodziwa mbiri yake, khalani nayo pamphasa ikadali ndi mawu.