Chovala cha Pakati: Mlenje wa Uta ndi Msodzi wa ku Mbenji

Mwezi wa Epulo ukafika, pamene Mfumu Yaikulu Makanjira itsegula chilumba cha Mbenji itatha miyezi ya dzinja imene nsomba zimasiyidwa kuti ziswane mwamtendere, monga mwa lamulo limene mafumu a dera limeneli akhala akulisunga kuyambira m'zaka za m'ma 1950, asodzi amene amasonkhana pa dooko la Chikombe amafika atalingalira bwino za chilimira, za zingwe, za injini ndi mafuta ake, za ufa ndi mchere. Koma za chimene adzavale mwera ukadzalimba m'miyezi ya Juni ndi Julaye, owerengeka okha ndiwo amaziganizira mofatsa. Ambiri amati kuno n'kotentha, ndipo munthu wa ku Salima sangaope chisanu ngati wa ku Dedza. Mawuwa ali ndi choonadi chake pamtunda, munthu ali m'nyumba moto uli pambali. Koma pamadzi, m'bandakucha, malaya atanyowa ndi mafunde, mphepo ikulowa m'nthiti, mwamuna wadzitho amanjenjemera kufikira zala zake zikanika kumanga mfundo, ngakhale madzi a m'nyanjamo ali ofunda kuposa mphepoyo.

Kutali kutsidya kwa nyanja zamchere, m'maiko a United States ndi Canada, kuli anthu amene nkhani ya chovala adaisinkhasinkha kufikira idasanduka phunziro lakelake, ndiwo alenje osaka ndi uta ndi mivi. Pamene ife tidapachika uta, poyamba chifukwa cha mfuti za gogodela, kenaka chifukwa nyama zidachepa m'tchire ndipo zotsalazo, monga za ku Thuma ndi ku Nkhotakota, zili m'manja mwa malamulo oteteza nyama, iwo amene ali ndi mfuti za mitundumitundu adautolanso mwadala. Dokotala wina wa ku San Francisco, Saxton Pope, adaphunzira lusoli kwa Ishi, munthu wotsiriza wa fuko la Yahi, natulutsa buku lake la kusaka ndi uta m'chaka cha 1923. Ndipo mu 1934 dera la Wisconsin lidapatula nyengo yapadera yosakira mbawala ndi uta wokha. Kusaka kwawo sikufanana ndi uzimba wa makolo athu, umene unali wa khamu la anthu, agalu ndi maukonde. Mlenje wa kumeneko amapita yekha, mu Okutobala kapena Novembala masamba akuyoyoka, nayenda mumdima atasenza katundu, nakwera mumtengo, nakhala duu maola ambiri kudikira kuti nyama iyandikire mamita 20 kapena 30, pakuti muvi sufika kutali monga chipolopolo. Iyeyu ndiye adamvetsadi zoti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Apa ndi pamene ndiona kuti mlenje uja ndi msodzi wathu ali pa vuto limodzi, ngakhale wina ali m'nkhalango ya chisanu ndipo wina ali pa chirundu cha utaka. Onse awiri amayamba ndi ntchito yotulutsa thukuta, natsiriza ndi kukhala chete pamphepo. Msodzi amakankha boti, amapalasa, amakoka chilimira msana wonse uli chonyowa. Ukonde ukalowa m'boti amakhala pansi, kudikira kuponya kwina kapena kubwerera ku chilumba, ndipo thukuta lomwe lija limene lidamuziziritsa bwino pantchito limasanduka mdani wake. Akatswiri amati madzi amachotsa kutentha m'thupi kuwirikiza pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. Chotero chimene chimafooketsa munthu pamalo otere n'chinyontho chokumana ndi mphepo, ndipo zimenezi zimachitika ngakhale pa nyanja imene madzi ake sadaumepo ndi chisanu.

Nzeru ya alenje ajawo ndi yakuti savala chovala chimodzi cholemera, koma zitatu zosanjikiza, chilichonse ndi ntchito yake. Cham'kati, chokhudza khungu, chimakhala chopyapyala, chomwa thukuta ndi kulitulutsira kunja. Chakunja chimatchinga mphepo ndi mvula. Ndipo chapakati, chimene ndi mwini nkhani, ndicho chimasunga kutentha. Chovala pachokha sichibala moto. Moto uli m'thupi la munthu, ndipo ntchito ya nsalu ndi kugwira mpweya wofunda pakati pa ulusi wake kuti usathawe, monga momwe nkhuku imafufumitsira nthenga m'mawa wa Juni. Ndiye chifukwa chake chovala chopepuka chofufuma chimatha kufunditsa kuposa chikhoti cholemera chophwathalala. Ubwino winanso wa kusanjikiza ndi wakuti mlenje poyenda amavula chapakaticho nachiika m'chikwama kuti asachinyowetse ndi thukuta, ndipo amachivala pokhapokha wafika pokhalira, thupi lisanayambe kuzizira.

Za nsalu ya chovala chapakatichi alenje amatsutsana kosatha, koma mitundu imene amaitchula kawirikawiri ndi itatu. Ubweya wa nkhosa, makamaka za mtundu wa merino zimene zidachokera ku Spain ndipo tsopano zimawetedwa kwambiri ku Australia ndi New Zealand, umafunditsabe ngakhale utanyowa, sugwira fungo msanga, ndiponso suyaka mosavuta ukagwidwa ndi mbaliwali za moto. Choipa chake n'chakuti umalemera ukamwa madzi ndipo umachedwa kuuma. Nthenga zanthete za atsekwe ndi abakha zimafunda kuposa zonse pa kupepuka kwake. Eddie Bauer wa ku Seattle, amene adatsala pang'ono kufa ndi chisanu ali pa ulendo wokawedza nsomba, ndiye adasoka jekete ya nthenga yogawa timagawo, naitengera chiphaso cha umwini mu 1940. Koma nthenga zikanyowa zimamatana, mpweya uja n'kuthawa, ndipo pa nyanja yathu jekete yotere singadaliridwe. Wachitatu ndi fleece, nsalu yofewa yaubweyaubweya yopangidwa ndi poliyesita, imene fakitale ya Malden Mills ku Massachusetts idaifalitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ndi yopepuka, simwa madzi ambiri, ukaifinya n'kuiyanika pathanthwe imauma msanga, koma mphepo imadutsamo mosavuta ndipo moto ukaikhudza imasungunuka. Pa thonje ndi pamene onse amagwirizana kuti silithandiza pachisanu chonyowa, pakuti limamwa madzi n'kuwasunga pakhungu. Mawu amenewa ndi olemera kwa ife a ku Salima, kumene thonje lalera mabanja ambiri, ndipo sindikunyoza mbewu imene ilibe inzake pa kutentha kwa Okutobala. Koma sikipa ya thonje pansi pa jekete ya jinzi, zimene anyamata ambiri amakwera nazo m'boti, ndizo zovala zosayenera kuposa zonse pa mwera.

Pali zinthu zina zimene mlenje amayang'ana zimene poyamba zimaoneka ngati zake yekha. Manja a chovala chake sayenera kutukumuka, chifukwa nsinga ya uta ikamasulidwa imadutsa pafupi ndi mkono, ndipo ikakhudza nsalu muvi umapatuka; pachifuwa pasakhale zingwe kapena zotsekera matumba zolendewera; m'mapewa mukhale motakasuka kuti akoke uta osamangika. Ambiri pa chifukwa chimenechi amakonda chopanda manja, chofunditsa chifuwa ndi msana basi. Taonani tsono msodzi pokoka ukonde: batani limodzi la pa dzanja la malaya likakodwa m'maso a chilimira pamene ukondewo ukutsetsereka kulowa m'madzi, mkono umatsatira, ndipo anzake asanazindikire munthu amakhala atapendekera kunja kwa boti. Chimene kwa mlenje chimangomutayitsa nyama, kwa msodzi chingathe kumutayitsa moyo. Chovala chogwira thupi, chopanda mabatani kumanja, cha zipi yaifupi yapakhosi, chikuyenera onse awiri.

Pa zinthu ziwiri njira zawo zimasiyana, ndipo wotengera za alendo mwachimbulimbuli angasokere. Mlenje amafuna nsalu yosalira pokhudzana, popeza mbawala imamva kaphokoso kakang'ono. N'chifukwa chake amadana ndi nayiloni, nalolera kuti mphepo imupyozeko pang'ono. Utaka sumva kulira kwa jekete, choncho msodzi asaope kuvala nayiloni yopyapyala pamwamba pa fleece, pakuti mdani wake wamkulu ndi mphepo ndi madzi othovoka. Mlenje amafunanso mtundu wobisala, wa masamba ndi makungwa. Msodzi afunika kuoneka. Boti likagudubuzika pakati pa Mbenji ndi Chikombe mafunde atakula, mutu wa munthu wovala zakuda kapena zamawangamawanga a asilikali suoneka patali, pamene chofiira kapena chachikasu chimaitana diso. Ngakhale kumaiko kuja, nyengo ya mfuti ikafika, madera ambiri amalamula alenje kuvala mtundu wowala wa lalanje kuti asaomberane. Ndipo palibe juzi, ngakhale yokoma chotani, imene ingalowe m'malo mwa jekete yoyandamitsa munthu.

Tisaganize kuti makolo athu anali osadziwa pa zimenezi. Asanabwere amalonda a nsalu, iwo ankasula chiwondo kuchokera ku khungwa la mombo, nafufuta zikopa, ndipo a Mang'anja a ku chigwa cha Shire ankaomba nsalu za thonje zimene David Livingstone adazipeza mu 1859. Koma chofunda chawo chachikulu chinali moto, ndi kudziwa nthawi. Mlenje wa uzimba ankasaka masana m'chilimwe, akuthamanga, ndipo sankafuna chovala chochuluka. Msodzi wakale ankawerenga mitambo ndi kayendedwe ka mafunde, nadziwa tsiku loti bwato ligone pamchenga. Mpaka lero mudzaona akuluakulu ena akuvula malaya pokoka ukonde, atasunga chouma m'jumbo yomanga bwino pansi pa thabwa lokhalira, n'kuchivala ntchito ikatha. Imeneyi ndi nzeru yomwe ija ya mlenje wa ku Wisconsin, yopezedwa popanda buku. Asodzi a ku Britain nawo anali ndi majuzi awo a ubweya olukidwa mothina kwambiri kuti mphepo isapyoze, opanda mabatani kutsogolo, a manja ofupikirapo kuti asanyowe pogwira nsomba. Ndipo a Inuit a ku maiko a madzi oundana amavala zikopa ziwiri za mphalapala za kwawo, cham'kati ubweya utaloza kuthupi, chakunja utaloza kunja. Anthu otalikirana chotere adafika pa mfundo imodzi chifukwa thupi la munthu n'limodzi.

Chimene chidatisokoneza, m'kuona kwanga, ndi ulemu umene tidaupereka kwa chikhoti cholemera. Amuna obwera ku Joni ndi ku Harare m'masiku a Wenela ankatsika ndi majasi aatali ndi mabulangete, ndipo m'midzi mudakhazikika maganizo akuti chovala chofunda ndi chimene chimalemera pamapewa ndi kuoneka patali. Jasi lotere n'labwino pamaliro usiku, kapena kwa mlonda wokhala pakhonde. Koma m'boti limamwa madzi, limamanga mikono, ndipo munthu akagwa nalo m'nyanja limamulepheretsa kusambira.

Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo kameneka kadafika kale pakati pathu, chifukwa zovala zomwezo zimene alenje ndi okwera mapiri amagula pa mtengo wokwera ndi zimene zimatuluka m'mabelo a kaunjika pa Kamuzu Road ndi m'misika ya m'midzi. Chosowa ndi diso losankha. Belo likatsegulidwa, manja ambiri amathamangira jekete yonyezimira ya zilembo zazikulu pamsana, osakumbukira kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Fleece yotuwa, yooneka ngati ya nkhalamba, imatsalira pansi. Wodziwa amaitola naiunika padzuwa kuti aone ngati yaperepeseka m'zigongono ndi pamsana. Amaifinya m'dzanja naona ngati ikufufumanso akaisiya. Amatembenuza m'khosi kapena m'mbali kuwerenga kachikwangwani kolemba mtundu wa ulusi. Amayendetsa zipi kukwera ndi kutsika, pozindikira kuti yachitsulo idzachita dzimbiri pamene yapulasitiki idzapirira. Kenaka amaivala pamwamba pa malaya, natambasula mikono kutsogolo ngati akukoka chingwe, kuti amve ngati m'khwapa mukuthina kapena msana ukuvundukuka. Potsiriza amaika nsaluyo pakamwa n'kuuzira: mpweya ukadutsa mosavuta amadziwa kuti mwera nawo udzadutsa, ndipo amafunafuna kanayiloni kovala pamwamba, pamodzi ndi chipewa choluka chophimba makutu.

Ndili ndi mawu kwa eni maboti ndi maukonde. Anyamata amene amakoka chilimira ambiri amafika pa dooko ndi zovala zimene ali nazo pathupi, ndipo gawo lawo la ndalama limadikira nsomba zigulitsidwe. Mwini zipangizo amene saiwala kugula mafuta ndi ulusi wosokera ukonde sayenera kuiwala kuti manja ozizira amakoka mofooka ndipo mutu wozizira umaganiza mochedwa. Chilamulo cha Mose chidalamula kuti chofunda cha wosauka chotengedwa chikole chibwezedwe dzuwa lisanalowe, ndipo mtumwi Paulo, ali m'ndende, sadachite manyazi kupempha Timoteo kuti amutengere chofunda chimene adachisiya ku Trowa. Chilumba cha Mbenji, chimene chidatha kuletsa mowa, njuga ndi chamba kwa zaka zonsezi, ndi kulanga wopha njoka, chingathenso kufunsa mwini boti ngati anthu ake ali ndi chouma chovala. Nthawi yabwino yogulira ndi Okutobala ndi Novembala, dzuwa likuswa mtengo, pamene majuzi amagona pansi pa mulu opanda wowafunsa, ndalama za utaka zikadali m'thumba chilumba chisanatsekedwe mu Disembala; wogula nthawi imeneyo amasankha mosafulumira, ndipo amanenerera mtengo wotsika kuposa umene wogulitsa yemweyo adzatchule mu Juni.