MLIRI WA MAKOSWE: MITUNDU YACE NDI MAYENDEDWE ACE

Alimi, mukaona makoswe alikufa okha m'nkhokwe kapena m'nyumba, cenjerani, pakuti kawirikawiri mliri uyamba motero. Tizirombo ta nthendayi tikhala m'mwazi wa makoswe ndi mbewa. Khoswe akafa, utitiri wace ucoka pa mtembo kukafuna mwazi wina, nuluma munthu.

Nthendayi iri ya mitundu itatu. Woyamba, umene ucuruka, ndiwo wa mwanabele: sabata isanathe munthu atentha thupi, amva mutu, ndipo m'mphecepece, m'khwapa kapena m'khosi muturuka cotupa cowawa. Waciwiri ndiwo wa m'mwazi: tizirombo tifalikira thupi lonse, ndipo zala zikhoza kuda bii. Wacitatu ndiwo wa m'mapapu, woopsa koposa, cifukwa sulira utitiri ai. Wodwala akatsokomola akhoza kupatsira okhala naye pafupi, ndipo popanda mankhwala afa m'masiku owerengeka.

Musayese kuti ndi nthenda ya kutali. Inagwa ku Namwala m'caka ca 1997, ndi ku Nyimba m'caka ca 2015.

Cifukwa cace musagwire khoswe wakufa ndi manja, ndipo ana asaoche mbewa zotola zakufa. Yambani mwathira mankhwala akupha utitiri, makoswe muwaphe pambuyo pace. Mukayamba ndi makoswe, utitiri wanjala udzatembenukira kwa inu. Lambulani thengo pozinga nyumba ndi nkhokwe.

Munthu akatupa mwanabele ndi kutentha thupi, uzani a mfumu, ndipo mupite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Mankhwala alipo, ndipo aciritsa wofika msanga.