Area 2: Tauni Yakale Yodziwa Nyengo Zake

M'ulendo wathu woyendera maboma ndi matauni a dziko lino, lero tafika ku Area 2, pakatikati pa tauni yakale ya Lilongwe, kumene mlendo wotsika basi yochokera ku Mchinji, ku Dedza kapena ku Kasungu amayambira kuponda nthaka ya likulu. Ngakhale ulemerero wa mzinda uno unakwera kumtunda pamene boma linasamuka ku Zomba m'chaka cha 1975, nilimanga malikulu ake ku Capital Hill ndi ku City Centre, munthu wofuna kudziwa umo anthu a ku Lilongwe amakhalira ndi dzuwa, mvula ndi mphepo ayenera kutsikira kuno kumtsinje, pakuti amene amadyera panja pa msika sangabisale nyengo monga amachitira a m'maofesi.

Atsamunda atakhazikitsa boma lawo tsidya lija la mtsinje wa Lilongwe m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, amalonda a Chimwenye anamanga masitolo awo tsidya lino; ndipo nzeru ya amisiri a masiku amenewo ionekabe m'makonde otakasuka a nsanamira, amene amatchinjiriza wogula ku dzuwa la Okutobala ndi ku mvula ya Januwale, nasunganso atelala amene makina awo amalira pamenepo chaka chonse. Mzinda uli pachidikha chokwera mamita oposa 1,000, chifukwa chake kutentha kwa kuno sikufika pa kwa ku Nsanje kapena ku Salima. Komabe m'chilimwe, mitengo ya jakaranda itachita maluwa, akamvulumvulu akunyamula fumbi ndi mapepala mumsewu wa Malangalanga, kutentha kumafika madigiri 30, ndipo ogulitsa madzi ozizira ndi thobwa ndiwo amabwerera kwawo akumwetulira.

Munthu wosadziwa kuwerenga kalendala akhoza kudziwa mwezi pongoyenda mumsika waukulu. Chizimalupsa chikagwa, mango ndi masuku zimadzaza malichero, amalonda nayala mbewu ya chimanga, makasu ndi mapepala apulasitiki ofolerera nyumba. Pambuyo pake pabwera ngumbi ndi bowa, nkhwani ndi chisoso, kenaka chimanga chachiwisi chootcha m'mbali mwa msewu. Masika akafika, misika ya fodya itatsegulidwa ku Kanengo, alimi amatsika ndi ndalama kudzagula malata, njinga ndi zitenje, ndipo tauni yonse imanona. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene usiku umazizira kufikira madigiri 10 kapena kucheperapo, a kaunjika amamasula mabelo a majuzi ndi mabulangete, alonda a m'masitolo amafungatira mbaula kufikira tambala woyamba, ndipo tiyi wa mbatata asanduka chakudya cha mfumu ndi cha mmphawi yemwe.

Koma akulu anati walira mvula walira matope, ndipo palibe malo m'likulu muno amene amadziwa mawuwa koposa Area 2. Dzinja likakhwima, ngalande zodzala ndi zinyalala zimabweza madzi mumsewu, depoti ya basi isanduka thope, ndipo timilatho tamatabwa timene anyamata amamanga pamtsinje, nalipiritsa owolokera kumisika ya tsidya lina, timakokoloka usiku umodzi. Pamodzi ndi madziwo pabwera malungo ndi kolera. Ambiri akumbukira Januwale wa 2023, pamene boma linachedwetsa kutsegula sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha mliri wa kolera. M'chaka cha 2017 madzi osefukira anagwetsa nyumba ku Mtandire mu Febuluwale, nachitanso chomwecho ku Kawale ndi madera oyandikana nawo mu Disembala, kukumbutsa onse omanga m'mphepete mwa mitsinje kuti madzi saiwala khwawa.

Chodabwitsa n'chakuti mtsinje wa Lilongwe womwewo umene umaopseza m'dzinja ndiwo umaliritsa anthu ludzu m'chilimwe. Gwero lake lili m'nkhalango ya Dzalanyama, ndipo madzi ake amasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde asanafike m'mipopi ya mumzinda. Koma nkhalango imeneyo ndiyo yakhala ikulowa mumzinda uno thumba ndi thumba, pa njinga za ogulitsa makala, kufikira boma linatumizako asilikali kukailondera. Phiri likavulidwa mitengo, mvula imathamangira kumtsinje tsiku limodzi, osasiya kanthu m'nthaka kosungira miyezi ya dzuwa, ndipo amene anaona madzi akugawidwa mosinthana m'madera a mzinda m'chaka cha chilala cha 2016 sasowa wowafotokozera za ichi.

Anthu a Area 2 anaphunzira kalekale kusintha malonda, chovala ndi chakudya monga mwa nyengo, ndipo m'menemo ayenera kutamandidwa. Chimene chatsala ndicho kuchitira mtsinje ulemu umene makolo ankauchitira. Chotero inu owerenga, kaya mukhala m'mipanda ya ku Area 10 kaya mugulitsa tomato pamsika, musataye zinyalala m'ngalande, musamange m'njira ya madzi, ndipo mvula ya chaka chino ikayamba, dzalani mtengo.